Bala la pa Dzanja la Apongozi

Zaka zisanu ndinakhala pamudzi wa mkazi wanga ku Domasi, ndipo pa zaka zonsezo sindinagwirepo dzanja la amayi ake. Sikuti tinkadana. Mkamwini ndi apongozi ake sapatsana moni wa pamanja. Tikakumana panjira ya kudambo iwo ankapatukira m'udzu n'kunyonyomala, ine n'kuima patali, tonse n'kuomba m'manja. Kumaso sitinkayang'anana. Choncho maso anga, posowa pofikira, ankagwera pa manja awo, mpaka ndinawadziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Anali manja a munthu amene wakhala akuokera mpunga kuyambira ali mtsikana. Zikhatho zinali zolimba, moti akaomba m'manja zinkamveka ngati timatabwa tiwiri touma. Kuseri kwake kunali kwina. Mnofu wa pakati pa mafupa unali utatha, mitsempha itatulukira pamwamba ngati mizu ya mtengo wa m'mbali mwa mtsinje madzi akakokolola dothi. Khungu linali lonyezimira, la makwinya ang'onoang'ono, ndi timadontho takuda apa ndi apo. Pamkono panali mphini zimene anatemedwa ali mwana, koma zinali zitasokonekera m'makwinya, osadziwika kuti mphini ndi iti. Zala za dzanja lamanzere zinali zitapindika ndi nyamakazi. Ntchito yonse inkadalira lamanja.

Mkazi wanga anali mwana wawo womaliza, ndiponso wamkazi yekhayo. Anam'bereka atakula kale. Manja ake anali a amayi ake enieni, zala zazitali, kachala komaliza kokhota pang'ono, kungoti ake anali odzaza ndi osalala. Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi, awiriwo ankasankha timiyala mumpunga pakhonde, ine ndili pampando chapatali kuchonga makope a ana asukulu. Mkazi wanga anatsina khungu la kuseri kwa dzanja lake n'kulisiya. Linabwerera nthawi yomweyo. Kenaka anatsina la amayi ake. Linangoima chomwecho, osabwerera.

"Aphunzitsi, mwaona?" anandiitana. "Muyang'anitsitse. Mwakwatira zimenezi. Zili m'njira."

"Iwe, tasiya dzanja langa," anatero amayi ake, maso ali mulichero. "Ukufuna uthawitse mwamuna?"

"Athawira kuti ndi manja a chokowo? Khasu siliwadziwa."

Ndinaseka, n'kuyamba kufotokoza zimene ndinaphunzira kukoleji, kuti munthu akamakalamba mafuta a pansi pa khungu amatha, khungulo limapyapyala, ndipo dzuwa la zaka zambiri ndi limene limasiya madontho aja. Ndinali ndisanamalize pamene mkazi wanga anagunda amayi ake ndi chigongono.

"Amayi, belu lalira. Khalani chete, angatipatse chibalo."

Mkazi wanga anamwalira m'nyengo yozizira, mpunga utakololedwa kale. Anali pa njinga ya kabaza kuchokera kumsika wa Songani, ndipo lole inawagunda kumbuyo. Wakabazayo anaponyedwa m'ngalande n'kupulumuka. Iye analowa pansi pa loleyo. Anandiitana ndili m'kalasi. Nditafika ndinapeza atam'funditsa chitenje cha mayi wina wogulitsa tomato, ndipo amuna awiri anandigwira kuti ndisavundukule. Ndinawamvera. Chimene chinali kunja kwa chitenjecho ndi dzanja lamanja, lili chagada paphula, lopanda ngakhale kachilonda. Linali lidakali lofunda. Ndi lokhalo limene ndinaona, chifukwa bokosi silinatsegulidwe. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu.

Patatha miyezi iwiri abale anagwirizana tsiku londisudzula, kuti andimasule ku banja ndibwerere kwathu ku Chiradzulu. Ine sindinakane. Ndinali nditapempha kale kuti andisamutsire kusukulu ya kufupi ndi kwathu. Nyumba ija inkandilemera. Koma mumtima mwanga ndinali nditatsimikiza chinthu chimodzi, kuti ndikupita ndi mwana.

Wotsogolera nkhani anali mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa malemu. Iyenso anali mkamwini kwina, ku Songani, kumene ankakhala kwa mkazi wake n'kumakonza njinga. Koma pamudzi pa amayi ake ndiye anali mwini mbumba, ndipo za mwana wa mlongo wake zinali m'manja mwake. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mawa. Kumbali yanga kunali amalume anga okha, amene anali ankhoswe pa ukwati wathu. Apongozi anali pamphasa kumbuyo pamodzi ndi amayi ena, mwana ali pamiyendo pawo.

"Alamu, mwakhala nafe bwino," anatero mlamuyo. "Palibe chimene tikukudandaulani. Mabuku anu, zovala, njinga, matiresi, tengani. Nyumba ndi ya mwana."

"Mwanayo ndikupita naye," ndinatero.

Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. "Mupita naye kuti? Kwawo ndi kuno."

"Ndine bambo ake."

"Palibe akukana. Inenso ndine bambo kwinaku, ndili nawo anayi. Tsiku limene mkazi wanga adzafe ndidzatuluka ndi pampu ya njinga basi. Mukuganiza kuti ndikaganiza zimenezo ndimaseka?"

"Malamulo a boma akuti mwana akhale ndi kholo limene latsala."

"Bomalo linabwera kudzakumba manda?"

Amalume anandigwira bondo n'kunong'oneza kuti ndikhale chete, kwathunso timatero. Ndinakhaladi chete. Mwambo unachitika, tinapemphera, anandiuza kuti ndine womasuka.

Ndinamanga katundu panjinga dzuwa litakwera. Anthu anali atapita kuseri kwa nyumba kukadya. Nditatembenuka ndinaona mwana ali pakhonde la agogo ake, akum'paka mafuta kumiyendo. Sindinakonzekere chilichonse. Ndinangopita n'kumunyamula. Apongozi anagwira kamkono kake ndi dzanja lamanja.

"Amayi, siyani."

Sanasiye. Ndinakoka, iwo anakoka. Mwana anayamba kukuwa. Ndinaopa kuti kamkono kaguluka, kapena ndi zimene ndakhala ndikudziuza. Ndinagwira dzanja lawo kuseri, chala changa chachikulu chitakanikiza pa mitsempha, n'kulipotokola kuti limasuke.

Mphamvu zake zinali zija timatsegulira botolo. Koma khungu linayenda pansi pa chala changa. Linasendeka ngati la mbatata yophika, kuchokera pa mfundo za zala mpaka pamkono, n'kuunjikana pamodzi ngati kansanza konyowa. Kwa kanthawi pansi pake panali poyera. Kenaka magazi anatuluka paliponse nthawi imodzi, akuda, n'kumayenderera mpaka pachigongono. Iwo sanakuwe. Anayang'ana dzanjalo, kenaka anandiyang'ana ine m'maso, koyamba chikwatirireni. Mwana anali asanamusiye.

Amene anakuwa ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba. "Wamenya apongozi ake!"

Mlamu wanga anatulukira kuseri atanyamula mpini wa khasu. Koyamba anandimenya pamsana, ndinawerama, ndipo wina anandilanda mwana. Kachiwiri ankafuna mutu. Ndinatchinga ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinamva zala ziwiri zikuthyoka ngati bango louma. Ndinagwa. Pambuyo pake panabwera mapazi. Ena ndinawazindikira ndi nsapato zawo: munthu amene tinkaimba naye kwaya, wina amene ana ake ndinkawaphunzitsa masamu. Anandimenya m'nthiti, pamimba, kukamwa. Dzino linatuluka, ndinalimva likugubuduka palilime pamodzi ndi mchenga. Mlamuyo sankakuwa ayi. Akatsitsa mpini ankangoti, "Amayi anga. Iwe. Ndi manja ako." Anali atasiya kunditcha inu. Wina anagwetsa njinga, mabuku anamwazika pabwalo, ndipo anawaponda pofuna kundifikira. Amalume anayesa kulowa pakati koma anawakankhira kumpanda.

Chimene chinandipulumutsa si chifundo. Magazi a apongozi sankaleka. Chitenje chachiwiri chinali chitanyowa, ndipo amayi anayamba kuitana amuna kuti apeze njinga msanga. Anandisiya chifukwa chotanganidwa.

Tinakapezana kuchipatala chaching'ono cha kwathuko. Iwo anawanyamula panjinga ya mlamuyo, ine ndinayenda pansi nditatsamira amalume. Pakhomo la chipinda chomangira mabala panali benchi imodzi yokha. Iwo anakhala kumapeto uku, ine kumapeto uko, pakati pali malo a anthu anayi amene palibe anafuna kukhalapo. Mlamu wanga anaima kunja kwa mpanda, osalowa. Amalume anapita kukandifunira madzi otsukira m'kamwa.

Wothandizira anesi anatuluka, anatiyang'ana tonse awiri, n'kunena kuti ngati pali amene wavulazidwa ndi munthu, pakufunika kalata ya kupolisi. Analowanso.

Woyamba kulankhula ndinali ine. Ndinayang'ana khoma la kutsogolo kwanga.

"Amayi, mwamva. Ndikapita kupolisi, alamu sagona kwawo lero."

"Nanunso simugona kwanu."

"Yanga ndi ngozi. Yawo ndi ya mpini, anthu akuona. Zala ziwiri ndi dzino. Sangatuluke msanga. Ana awo anayi aja adya chiyani?"

Mawu amenewa ndinawanena ine, motsitsa, mwaulemu wonse, magazi akudontha pamalaya. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Iwo dzanja anali ataliimika pachifuwa, nsanza zitafiira mpaka kuda.

"Ndiye mukufuna tisinthane," anatero. "Mwana wanga ndi mwana wanu."

"Ndikufuna mwana wanga."

"Ndinabereka asanu ndi awiri. Atsala awiri, amuna okhaokha, onse ali kwa akazi awo. Wamkazi anali mmodzi. Mukatenga kameneka, pakhomo panga patsala nkhuku." Anadikira. "Simuyankha?"

"Ndamva, amayi."

"Mwamva." Anapuma. "Chabwino. Koma dzanjali mwaling'amba ndinu. Ili linafa kale." Anakweza lamanzere lija, zala zake zopindika. "Anditungire madzi ndani? Mubwerere m'nyumba mwanu, muzindimanga balali mpaka lipole. Likapola mumutenge. Ndanena pamaso pa Mulungu."

Anesi anatilowetsa pamodzi, poganiza kuti ndife mayi ndi mwana wake. Anali mayi wamkulu thupi, wotopa. Anamasula nsanza zija pang'onopang'ono, akuthira madzi kuti zimatuke.

"Agogo, chachitika n'chiyani?"

"Lata la pabafa."

Anesiwo anayang'ana pamwamba pa bala, pamene panali patayamba kuda mozungulira. "Lata lanulo lili ndi chala chachikulu?"

"Lathu lili nacho."

Sanasoke. Anati khungu ngati limeneli silisokedwa, ulusi umangodula, zili ngati kusoka pepala lonyowa. Anatenga thonje lonyowa n'kuyamba kufunyulula khungu lija, kulibwezera pamalo pake pang'onopang'ono. Silinafike. Pakati panatsala pofiira, pakulu ngati bokosi la machesi. Apongozi ankangoyang'ana kudenga. Atamaliza kumanga, anesi anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu?"

"Ndagwa panjinga."

"Mudzi umodzi?"

"Eee."

"Kumeneko zinthu zalusa lero," anatero, akulemba kalata yonditumiza ku Zomba kuti akandiike pulasitala.

Ndinabwerera m'nyumba imene ndinali nditatsanzika m'mawa wa tsiku lomwelo. Mlamu wanga anasiya kubwera pamudzi. Anthu analankhula, chifukwa munthu wosudzulidwa sagona pamudzi, ndipo mkamwini sagwira apongozi ake. Ine ndinkachita zonse ziwiri. Amene anandiponda aja ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Apongozi anauza amayi a ku tchalitchi kuti amene ali ndi mawu abwere adzamange bala okha, ndipo palibe anabwera.

M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkawiritsa madzi, kuthiramo mchere, n'kukhala pakhonde pawo. Iwo ankatambasula dzanja akuyang'ana kuphiri. Ndinkatsuka ndi dzanja langa lamanja, pomanga mfundo n'kuthandizira ndi mano. Pafupi, dzanjalo linali losiyana ndi limene ndinkaliona patali. Linali lopepuka ngati la mwana, lozizira ngakhale dzuwa litatuluka. Mitsempha inkathawa pansi pa chala ukaikhudza. Zikhadabo zinali zochindikala, zamizeremizere. Paliponse pamene ndagwira molimba pang'ono, mawa lake panali patada. Tsiku lina ndinayesa pulasitala yomata kuti bandeji isamasuke, ndipo pomatula inachoka ndi kakhungu. Sindinabwerezenso. Kachala komaliza kaja kanali kokhota monga momwe ndinkakadziwira pa dzanja lina, ndipo ndinaphunzira kumanga bala osakayang'ana.

Sitinkacheza. Iwo ankati, "Mwadzuka," ine n'kuti, "Ndadzuka, kaya inu amayi." Mwana ankakhala pakati pathu akudya mbatata. Ndinkam'sambitsa ndine, madzi ndinkatunga ndine, ndipo amayi a pachitsime anazolowera kundisiyira malo.

Zala zanga zinalumikizana patatha milungu isanu ndi umodzi, pulasitala anachotsa. Kalata yondisamutsa inabwera. Bala la apongozi silinapole. Linkaonetsa ngati likufuna. M'mbali mwake munkamera kakhungu kofiirira, kosalala, n'kumayandikira pakati. Ndinkayeza ndi chikhadabo n'kuona kuti lachepa. Pakapita masiku awiri kapena atatu ndinkalipeza latsegukanso, lofiira, likutuluka madzi, nthawi zina lalikulu kuposa poyamba.

Yankho ndinali nalo kale, la m'mabuku. Khungu la munthu wokalamba limachedwa kupola, magazi safika bwino kunsonga, thupi silipanga mnofu watsopano msanga. Ndinawafotokozera zimenezi. Ndinayamba kuwagulira mazira, usipa ndi malalanje. Ndinawatengera kukayezetsa matenda a shuga, ndipo sanawapeze nawo. Ndinawaletsa kugwira madzi, kusenda chimanga, ngakhale kuthamangitsa nkhuku ndi dzanja limenelo. Tsiku lililonse ndikamasula bandeji n'kupeza zaipa, ndinkapukusa mutu n'kunena kuti ndi ukalamba.

"Eee, aphunzitsi," ankatero. "Ukalamba."

Mwezi wachitatu balalo linayamba kununkha. Dzanja linatupa mpaka makwinya onse anafufutika, khungu linakungika n'kumanyezimira ngati la munthu wachinyamata. Mkono unkatentha. Ndikafinya m'mbali munkatuluka mafinya. Akusukulu yatsopano anali atandiimbira kawiri kufunsa ngati ndikubwera. Ndinawakweza apongozi panjinga kubwerera kwa anesi aja.

Anesi anatsuka, anabaya jakisoni, anapereka mapiritsi. Kenaka anauza apongozi kuti akadikire pabenchi, ine ndikhale kaye.

"Bambo wogwa panjinga," anatero. "Amamanga balali ndani?"

"Ndine."

"Mukuti chikuchitika n'chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za ukalamba. Anandidula.

"Ukalamba umachedwetsa bala, sulikulitsa. M'mbali muja muli mizere. Pakukalidwa ndi chinthu chokhakhala. Wina akulitsegula. Ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye mukum'dziwa. Likapitirira chonchi dzanjali lidulidwa, ndipo mukachedwa si dzanja lokha."

M'mawa mwake ndinamanga bala monga mwa masiku onse, ndinatsanzika, n'kukwera njinga. Nditafika pamlatho wa mitengo ndinaibisa m'bango n'kubwerera wapansi kudzera m'nthochi. Pamudzi panali zii, anthu atapita kuminda. Mwana ankasewera yekha pabwalo ndi zitini. Apongozi ndinawapeza kuseri kwa bafa.

Anali atanyonyomala, msana utatsamira udzu wa bafalo. Bandeji anali ataimasula bwinobwino n'kuipinda pabondo kuti isade. M'kamwa anali ataluma nsonga ya chitenje. M'dzanja lamanzere, pakati pa zala zopindika zija, munali chitsononkho cha chimanga. Anachiika pabala n'kukoka. Anakokanso. Thupi lonse linkanjenjemera, thukuta likutsika m'khosi, koma sankatulutsa mawu, kupatula mpweya wa m'mphuno. Kakhungu kamene kanali katamera mlungu umenewo kanachoka konse, kanatsalira pachitsononkho pamodzi ndi mafinya ndi magazi. Anapuma, anayang'anitsitsa ngati munthu woona ngati mbale yayera, n'kubwereza m'mbali mmene munatsala.

"Amayi."

Sanadzidzimuke. Analavula chitenje chija.

"Sukulu yatsekedwa?"

"Anesi akuti adula dzanjali."

"Adule. Chitsa nachonso chimachedwa kupola."

"Munalumbira pamaso pa Mulungu."

"Ndinati likapola. Lapola?"

Sindinawakhudze. Manja anga ndinawaika kumbuyo, chifukwa ndinamva chimene manjawo ankafuna kuchita. Miyezi itatu ndinali nditagwada pakhonde paja ndi madzi amchere, ndikuphunzitsa munthu za khungu lake lomwe, iye akuvomera. Ndinatembenuka, ndinapita pabwalo, ndinanyamula mwana. Panalibe woti andiletse. Amuna anali kuminda, mlamu anali ku Songani, ndipo apongozi analibenso dzanja logwirira. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kalata ija, kabuku ka mwana ka kusikelo ndi juzi yake. Potuluka ndinayang'ana kubafa. Sanatuluke, sanaitane.

Ndinayenda mpaka kumsewu mwana ali paphewa. Ankasangalala, ankaganiza kuti tikupita kukagula mandazi. Pasiteji minibasi inaima, kondakitala anatsegula chitseko.

"Zomba, Limbe, bwana. Malo alipo, kamwanako mukanyamula."

Ndinaika phazi limodzi pachitsulo. Ndinali nditadziuza m'njira monse kuti kuchoka kwanga kuwapulumutsa, chifukwa mwana atapita sipakhalanso chifukwa chokalira bala. Zinali zomveka. Koma nditaima pamenepo ndinaona mbali inayo. Munthu amene angadzikale chonchija kuti mwana akhale, mwanayo atapita sangavutike n'kumwa mapiritsi kapena kuwiritsa madzi amchere. Akanangokhala pakhonde n'kulisiya dzanjalo lichite zimene likufuna. Ndipo chiyambi cha zonsezo chinali chala changa.

"Bwana, mukukwera kapena mukuyeza?"

Ndinatsitsa phazi. Anatukwana pang'ono, galimoto inapita. Mwana analira chifukwa cha minibasi, ndiye ndinam'gulira mandazi awiri n'kubwerera.

Ndinawapeza pomwe ndinawasiya. Bandeji inali idakali pabondo, bala lili poyera, ntchentche zitaunjikana. Sankaziingitsa. Atamva mawu a mwana anatembenuza mutu pang'ono. Ndinasonkha moto, ndinawiritsa madzi, n'kubwera nawo kuseri komweko. Ndinakhala pansi moyang'anana nawo.

"Sindipita," ndinatero. "Kalata ija ndibweza. Koma mwanayu azigona m'nyumba mwanga. Sukulu ndisankha ine. Patchuthi ndizipita naye kwathu akaone agogo ake ena, ndipo palibe adzandiperekeze ngati wakuba. Alamu muwauze nokha."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa."

"Mudzakwatira."

"Kaya."

"Mukadzakwatira mudzapita."

"Mwina."

Anaganiza. Anayang'ana mwana, amene anali atakhala pamwala akunyambita zala.

"Zitsononkho pano sizisowa," anatero.

"Ndikudziwa, amayi."

Anatambasula dzanja. Tsiku limenelo analira pamene madzi amchere anafika pabala, koyamba chiyambireni, ndipo ndinapitiriza kutsuka mpaka pansi panayera.

Bala linapola patatha milungu isanu. Linasiya chipsera chotuwa, chonyezimira, chimene chimakoka khungu lonse la kuseri kwa dzanja. Zala zawo ziwiri sizipindikanso, ndipo mpunga anasiya kuokera. Munda wa kudambo ndimalima ine Loweruka, moipa. Mlamu wanga anabwera atamva, anakhala ndi amayi ake m'nyumba nthawi yaitali, potuluka anandifunsa ngati njinga yanga ikufuna kukonza. Ndinati ayi. Za tsiku lija sitinakambepo.

Mwana wayamba sitandade wani chaka chino, pasukulu yomwe ndimaphunzitsa. Funso la agogo ake lija, loti mpaka liti, sindinaliyankhebe, ndipo amandifunsa kumayambiriro kwa teremu iliyonse.